Kambale ka Amayi m'Chaka cha Chuku

Pakhomo pathu kwa Dzoole panali kachitini kadzimbiri kamene amayi anakabowola kunsi ndi msomali. Ntchito yake inali imodzi, kuwazira madzi pa mtedza. Tikati tisende mawa, amayi ankayala mtedzawo pamphasa, nkuuwaza, nkuuvundikira ndi masaka. Kukacha makoko ankakhala atafewa, ukangofinya pang'ono, phwa! njere zili m'manja. Mudzi wonse unkatero, ndipo palibe ankaona cholakwika.

Ndinali mu Sitandade 4 chaka chimene kachitiniko kanapachikidwa kudenga. Bambo anali kuesiteti ya fodya ku Kasungu, choncho pakhomo tinalipo amayi, ine ndi mng'ono wanga wa zaka ziwiri. Chisanu chitangoyamba, wailesi inayamba kunena za lamulo lomwe aphungu ankafuna kukhazikitsa lokhudza zakudya zogulitsa. Kenako alangizi a zaulimi anabwera panjinga yamoto nasonkhanitsa amayi am'mudzi pansi pa mtengo wa mango. Ine ndinali pomwepo, mwana ali kumsana. Anati mtedza wonyowetsedwa umachita chuku, ndipo chukucho chili ndi poizoni wosaoneka, wosatha ngakhale ukazinge bwanji, wopinimbiritsa ana ndi kuwononga chiwindi pang'onopang'ono. Lamulo likadutsa, mtedza uziyezedwa usanagulidwe. "Wonyala, wakuda ndi wowawa, tayani," anatero. "Ngakhale nkhuku musazipatse."

Amalume atamva zimenezi anaseka mpaka kutsokomola. "Lamulo silinabadwe n'komwe, inu mwayamba kale kulichapira matewera? Tadya mtedza umenewu chibadwire, anafa ndani?"

Koma ogula sanadikire kuti libadwe. Tinali titasenda kale matumba awiri mwa chizolowezi chathu, ndipo amalume anatikwezera pangolo kupita nawo ku Mponela. Wogula wa kumeneko anapisa dzanja m'thumba mpaka m'chigongono, nanunkhiza, naluma njere imodzi, nkulavula pafupi ndi phazi la amayi. "Mayi, kasankheni kaye." Tinabwerera nawo matumbawo dzuwa lili paliwombo. Njira yonse ndinkangomva kulira kwa mateyala a ngolo ndi fumbi m'mano.

Kuyambira tsiku limenelo tinkasenda mtedza wouma gwa. Amene sanasendepo wouma sangadziwe. Makoko amacheka pansi pa chikhadabo, ndiye mphepo yozizira ya kumapiri a Ntchisi ikawomba pabalapo, umamva mpaka mumtima. Amayi anamanga zala zawo ndi tinsanza, tinsanzato nkuda ndi magazi. Tikatha kusenda tinkasankha njere imodziimodzi palichero, wabwino uku, woipa uko. Woipawo unadzaza dengu, kenako unakwana theka la thumba. Wabwino wonse unali wogulitsa, poti fetereza wa chimanga ankachokera pomwepo.

Amalume anabwera ndi nzeru yawo. Anati woipawo tiuike pansi pa thumba, wabwino pamwamba, tikagulitse kwa mavenda a m'mbali mwa msewu amene sapisa dzanja. Amayi sanadzutse n'komwe mutu. "Achimwene, akadyeyo ndi mwana wa yani? Mwana wa mnzako ngwako yemwe."

"Ndiye tayanitu, monga ananenera alangizi anuwo."

Apa amayi anangokokera dengu la woipawo pafupi nawo, napitiriza kusankha.

Lero ndine wamkulu, ndipo sinditsutsa alangizi aja. Chuku chimapha ndithu, amalume ankalakwitsa. Chimene chimandiwawa n'chakuti amene ankalemba lamulolo anaganizira wogula, koma sanafunse kuti mtedza wokanidwa ukabwerera pangolo umakathera m'mimba mwa yani. Kunena kuti tayani n'kosavuta ukakhala ndi mafuta ophikira m'botolo. Kwathu mafuta athu anali nsinjiro, nyama yathu inali nsinjiro yomweyo.

Ndiye amayi anayamba kusinja kawiri. Ankatapa kadzanja ka mtedza wogulitsa uja nkusinja, nkutendera mfutso wa ine ndi mng'ono wanga. Akatero ankasinjanso wina, nkuphika m'kamphika kapadera, pomaliza nkutsuka mtondo ndi mchenga ngati mwagwera chinthu chonyansa. Ndiwo zathu zinali zamadzimadzi chifukwa nsinjiro inkachepa. Zawo zinali zolimba, zoderako, ndipo ankadyera m'kambale kawokawo, atakhala kuseri kwa khitchini, atatifulatira. Mwana akalowera komweko ankamubweza msanga. Ine mtima unkandipweteka. Ndinkati amayi ayamba umbombo.

Tsiku lina nditaweruka kusukulu ndinapeza kambale kaja kali kovundikira pachitsa, amayi ali kudambo kotunga madzi. Ndinavundukula, nkupisa zala ziwiri, nkunyambita. Kuwawa kwake! Ndisanalavule n'komwe ndinamva ndowa ikugwa kumbuyo kwanga, kenako khofi patsaya. Amayi anali asanandimenyepo chibadwire. Anandigwira chibwano, nkupisa chala chawo chansanza chija m'kamwa mwanga. "Lavula! Lavula, iwe!" Anandichukuchitsa m'kamwa katatu ndi timadzi totsala m'ndowa. Atatha anatenga kambale kaja, nakhala pansi, nadya zonse ine ndikuona.

Mtedza wosankhidwawo unagulidwa ku Mponela popanda mawu. Lamulo lija sindinamve kuti linathera pati chaka chimenecho, wailesi inangoyamba kukamba zina. Koma theka la thumba lija linkatsika ndithu pangodya, ndipo mvula yoyamba isanagwe linali litatha. Palibe njere imene inapita kudzala, palibenso imene inalowa m'mbale mwathu.

Ine ndinakhala masiku atatu osawayankhula. Ndinapita kwa amalume kukadandaula kuti amayi amatimana ndiwo zabwino, ndipo andimenya chifukwa cha kunyambita chabe. Ndinkayembekeza kuti aseka monga mwa nthawi zonse, kapena apita kukawakalipira. Iwo anangovula chipewa, kenako anati ndibwerere kunyumba ndikawathandize amayi kutsuka mtondo. Ndinabwerera ndikulira ndi mkwiyo, ndikudabwa kuti munthu angakonde bwanji ndiwo zowawa chotero kuposa mwana wake.