Pepala Limene Ndinalembera Asibweni

Asibweni anga, mlongo wawo wa amayi, anayamba ntchito pa loji ina ya m'mbali mwa nyanja kuno ku Chintheche ine ndisanabadwe. Ntchito yawo inali ya magetsi ndi madzi: jenereta, pampu, mawaya. Jenereta ankaidziwa ndi khutu. Ikangosintha kaliridwe, ankasiya tiyi pa tebulo n'kupita. Lamulungu ankavala jekete n'kukawerenga mawu ku tchalitchi ku Bandawe, poti analinso mkulu wa mpingo, ndipo akamawerenga iwo ngakhale ana ankasiya phokoso.

Ine ndi iwo sitinkamwerana madzi. Sukulu ndinalekera Fomu 2. Mphunzitsi wina anawerenga chimangirizo changa mokweza kuti kalasi yonse iseke, ine ndinamugenda ndi dasitala, inamupeza pachipumi, sukulu inathera pomwepo. Tsiku lomwelo pakhomo, pamaso pa amayi ndi alongo anga, asibweni ananena kuti mwana uyu sadzalembapo kanthu koti munthu wamkulu n'kuwerenga. Sanakalipe ayi. Anangonena ngati akukamba za mvula. Mawu amenewo ndinayenda nawo zaka zonse zimene ndakhala ndikukonza mafoni pa kabenchi kanga pa Chintheche.

Kenako eni loji anaika sola. Anabwera amisiri a ku Mzuzu ndi mapanelo, mabatire, ndi bokosi lachitsulo limene analikhoma n'kupita ndi kiyi. Jenereta inatsala, koma kuti magetsi ake alowe mu loji, tsopano munthu ankayenera kudina mu pulogalamu ya pa tabuleti. Amisiriwo anasiya buku la malangizo la Chingerezi, lonenepa ngati buku la nyimbo. Manijala wa lojiyo, mayi wa ku Dedza amene ndinkawakonzera foni, anandiitana kuti ndidzaphunzitse achikulirewo.

Phunzirolo silinathe ndi mphindi khumi zomwe. Zala za asibweni n'zolimba, zong'ambika ndi mafuta ndi mawaya, sikirini siizimva msanga. Ankadina kamodzi, osachitika kanthu, n'kudinanso mwamphamvu, ndiye zinthu ziwiri zinkatseguka nthawi imodzi. Kufunsa sankafunsa. Kwathu kuno munthu wamkulu safunsa nzeru kwa mwana wa mlongo wake pagulu, ndipo ophika anali ataima pakhomo akuonerera. Ine mtima unakwera. Ndinawatsomphola tabuletiyo n'kunena kuti mwina tiitane mwana wa ku nasale adzawaonetse. Iwo anapukuta manja pa ovolosi, anatuluka, anapita ku pampu.

Manijala anati ngati pakamwa pakundivuta, ndilembe. Ankafuna masamba awiri okha, m'Chichewa, osati m'Chitonga chathu, chifukwa pa loji pamagwira ntchito anthu ochokera kulikonse ndipo tsiku lina wina adzafuna kuwerenga.

Buku la Chingerezi lija ndinakhala nalo masiku atatu. Chingerezi changa n'chopunduka, koma ndinalimva. Chimene chinandinyansa chinali kalankhulidwe kake. Linkalankhula ngati mlendo wopempha madzi akumwa. Chonde apa, chonde apo, musadandaule mukaona chakuti. Pa tsamba lina linati pulogalamuyi nthawi zina imadzikonza yokha pa intaneti n'kusintha maonekedwe, choncho mukaona zosiyana ndi zithunzi za m'bukumu vuto si inu, imbani foni kwa wokuthandizani. Ndinaseka. Ndinati amene analemba izi ali ndi nthawi yotaya, kunyengerera munthu wamkulu ngati mkwatibwi.

Pepala langa ndinalilembera pa benchi pomwepo, makasitomala akatha. Ndisaname, ndinkadziwa amene adzawerenge. Sindinkalembera wa ku Dedza kapena wa ku Karonga, ndinkaona nkhope imodzi basi. Njira zonse zinali zolondola, ndinaziyesa pa tabuleti imodzi imodzi. Koma njira iliyonse ndinaiika mchira. Izi n'zosavuta. Aliyense wa maso aliona batani lobiriwira. Dina kamodzi, si khasu ili. Ulemu ndinauchotsa wonse, ndinawalembera ngati mnzanga wa ku mpira. Tsamba la kuimba foni lija ndinalisiya, m'malo mwake ndinaikapo mawu anga kumapeto. Ndikuwerenganso ndinamva kukoma ngati munthu wokanda chilonda.

Manijala anangoliyang'ana pamwamba, foni ili kukhutu, anati lalifupi, ndi zimene amafuna. Asibweni analilandira ndi manja awiri, analipinda kanayi, analiika m'thumba la pachifuwa. Anati yewu, ndiko kuti zikomo. Miyezi ingapo zinayenda bwinobwino. Ine ndinkauza anzanga pa benchi kuti mkulu wa mpingo masiku ano akuwerenga malembo anga.

M'nyengo ya mvula kunachita mitambo masiku atatu osaona dzuwa. Loweruka la sabata imeneyo pa loji panali phwando la ukwati, ndipo chipinda chozizira chachikulu chinali chodzaza chambo, nkhuku ndi nyama ya ng'ombe. Manijala anachikhoma, anatenga kiyi, ananyamuka Lachinayi m'mawa kupita ku Mzuzu kukagula zotsala. Masana a tsiku lomwelo mabatire anatsika. Pulogalamu ija inapangidwa kuti mabatire akatsika iyambe yadula chinthu chodya magetsi ambiri, ndiye inadula chipinda chozizira n'kusiya magetsi a m'zipinda akuyaka. Palibe anazindikira. Ophika ankatenga za tsiku ndi tsiku m'firiji yaing'ono ya kukhitchini. Amene anamva kuti makina asiya kulira anali asibweni okha, ndi khutu lawo lija.

Anatenga tabuleti ndi pepala langa. Koma pulogalamu inali itadzikonza yokha, monga buku lija linanenera. Batani lobiriwira silinalinso pamene ndinalemba.

Lachisanu masana wophika wamkulu ndi amene anandiimbira. Anati pansi pa chitseko cha chipinda chozizira pakutuluka madzi amagazi, ntchentche zadzaza, ndipo achikulire akungoti zatsala pang'ono kutheka, chiyambire dzulo. Ndinakwera njinga. Kuchokera pa benchi panga kufika pa loji ndi ulendo woti fodya mmodzi sangathe n'komwe. Foni yanga inali yoyaka masiku awiri onsewo.

Asibweni ndinawapeza atakhala pa kandowa kovundikira pafupi ndi bokosi lachitsulo lija, magalasi ali pamphuno, pepala pa bondo limodzi, tabuleti pa bondo lina. Jenereta anali ataiyatsa ndi manja, inkalira bwinobwino, koma magetsi ake sankapita kulikonse. Iwo ankazimitsa tabuleti, kuiyatsanso, kuyamba pa njira yoyamba, yachiwiri, yachitatu, kufika pa yachinayi pamene batani kulibe, n'kuzimitsanso. Sanakweze mutu. Ndinawatenga tabuletiyo, ulendo uno pang'onopang'ono, ndinapeza batanilo litasamukira pa tsamba lina, ndinadina. Makina a chipinda chozizira analira. Sinathe ndi mphindi imodzi yomwe.

Manijala atafika n'kutsegula chitseko, wophika mmodzi anathamangira panja kukasanza. Zonse anakazikwirira kuseri kwa mpanda. A ukwati anadya nyemba ndi nkhuku zochepa zimene anathamangira kukagula m'midzi, ndipo ndinamva kuti amayi a mkwatibwi analira pamaso pa alendo.

Lolemba anatiitana ku ofesi tonse awiri. Manijala sanakalipe. Anafunsa funso limodzi, kuti abambo, Lachinayi ndi Lachisanu, nambala yanga muli nayo, ya mwana wanuyu muli nayo, simunaimbe chifukwa chiyani.

Asibweni anabwera atavala jekete ya Lamulungu. Anaimirira, anatulutsa pepala lija, litada ndi mafuta m'mapindo, anavala magalasi. Anayamba kuwerenga kuchokera pamwamba, ndi mawu omwe aja a ku Bandawe, mosathamanga, liwu lililonse pamalo pake. Izi n'zosavuta. Dina kamodzi, si khasu ili. Sanadumphe mzere. Ine ndinkayang'ana simenti. Atafika kumapeto anapuma pang'ono monga amachitira asanatseke Baibulo, n'kuwerenga:

"Ukaona zosiyana ndi zimene zalembedwa pano, walakwitsa ndiwe. Zimitsa, uyambirenso. Usavutitse anthu ndi mafoni pa zinthu zimene mwana wa ku nasale angathe."

Analipinda, anakhala pansi.

Manijala anatambasula dzanja, analiwerenga okha, ulendo uno mpaka pansi. Ine ndinaimirira n'kuyamba kukuwa, kuti wolakwa ndine, kuti buku lenileni linanena zoimba foni ine n'kuchotsa dala, kuti ngati pali wochotsa ntchito achotse ine. Manijala anandikumbutsa kuti ine sindigwira ntchito pamenepo. Ndinamenya mpando ndi phazi, unakagunda kabati. Anadikira kuti nditope, kenako anati nawonso analakwa posawerenga, koma eni loji alamula kale pa foni: munthu amene anamva makina atasiya kulira n'kukhala chete masiku awiri sangasungenso kiyi wa chipinda cha magetsi. Anati alemba kuti apuma chifukwa cha ukalamba, kuti dzina lisaipe kumpingo. Pepalalo anawabwezera asibweni.

Potuluka ndinafuna kuwayendetsera njinga yawo. Anakana ndi mutu, anaikankha okha mpaka kumsewu.

Amayi sanandilankhule mwezi wathunthu. Kondowole ankandisiyira pa tebulo atavundikira, iwo n'kukadyera kukhitchini.

Pamalo pa asibweni analemba ntchito mnyamata wa ku Kasungu, ndipo manijala anandituma kuti ndilembenso pepalalo, poti panalibenso wina wodziwa. Ndinafuna kukana, koma ndinavomera. Linanditengera sabata ziwiri, masamba awiri omwewo. Chovuta sichinali njira, chinali pakamwa panga. Ndikalemba mzere, ndinkauwerenga mokweza ndi mawu a asibweni, ndikamva kuti ukuluma ndinkaufufuta. Mawu oti n'zosavuta ndinawachotsa paliponse, chifukwa ndinali nditaona munthu atakhala pa kandowa ndi chinthu chosavutacho. Ndinalemba kuti zala zouma sikirini imachedwa kuzimva, pukutani ndi kansalu konyowa pang'ono. Za kuimba foni ndinaziika pamwamba penipeni, osati kumapeto: mukaona zosiyana, vuto si inu, imbani nthawi yomweyo, ngakhale mwaimba kale kawiri.

Ndisanakapereke, ndinapita nalo kwa asibweni. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba akusenda chinangwa choti akaviike, ntchito imene sindinawaonepo akugwira chibadwire. Anasamba m'manja, anatuma mdzukulu kukatenga magalasi, anawerenga chamumtima mpaka kumapeto. Anabwerera pa mzere wa zala zouma, anauwerenganso.

"Ada, mwalemba bwino," anatero. "Wa ku Kasunguyo sadzavutika."

Ada ndi mawu amene kwathu timaitanira bambo wolemekezeka. Chibadwire ankangonditi iwe. Ndikanakonda akananditukwana.

Ndinawapempha kuti andipatse pepala lakale lija ndikaliotche, atsale ndi latsopanoli ngati akufuna. Anati latsopanoli alibe nalo ntchito, ndikapereke kwa mwini wake. Ndinaumirira, mawu anayamba kukwera monga mwa chizolowezi changa, ndinati n'chifukwa chiyani akusunga chinthu chonyansa chotero. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ndi kalata yokhayo imene munandilemberapo, ada. Ikhale."

Anandibwezera masamba awiri aja, anatola mpeni wawo, anatenga chinangwa china mu dengu. Ndinaima pamenepo kanthawi. Panali mpeni wina pa mphasa, koma sanandiuze kuti ndikhale pansi, ndiye ndinatenga njinga yanga ndinapita ku loji kukapereka.