Mchenga m'maso m'shedi ya fodya

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi azakhali anga, omwe ankaphikira antchito pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Nsaru. Atamva kuti pakufunika osankha fodya, anakandilankhulira kwa kapitawo, bambo Chimphepo. Ndinali ndi mwana wakhanda, bambo wake atalowera ku Joni osamvekanso, ndiye sindinafunse zambiri.

Kusankha fodya ndi ntchito ya maso. Fodya akauma m'chigafa amamutsitsa pa mikangala, timitengo tomwe amamupachikapo, m'mawa kukadali chinyezi, n'kubwera naye m'shedi. Iwe umakhala pa benchi, kutambasula tsamba limodzilimodzi, kuona mtundu wake, kutalika ndi mawanga, n'kuliika pa mulu wa giredi yake. Kenako umamanga timitolo, anyamata n'kukadinda mabelo pa jeke, chipangizo chopanikizira fodya. Shedi yathu inkakhala yotseka, m'mawindo atakhomamo mapulasitiki kuti mphepo isaumitse fodya. Fumbi linkangozungulira momwemo, ife n'kumalipuma.

Mwezi usanathe ndinayamba kumva ngati m'maso mwalowa mchenga. Pofika masana maso ankaotcha ngati tsabola, mutu n'kuyamba kuwawa kuseri kwa diso lakumanja mpaka m'khosi. Chodabwitsa, misozi inkangotuluka yokha. Ndikatikita ndiye kunali kusonkhezera moto.

Ndinawauza a kapitawo. "Ulesi umenewo," anatero. "Anzanu onsewa alibe maso kodi?"

Pa kachipatala kapafupi ndinapitako kangapo. Ankangondiunika ndi tochi, n'kunena kuti maso anga ali bwinobwino, n'kundipatsa panado. Amayi a pakomboni anayamba kunong'ona kuti wina wandilodza pofuna malo anga. Azakhali, mwachifundo chawo, anandifinyira masamba ena ake kuti ndidonthetsere. Ndinakuwa mpaka mwana anadzidzimuka kumsana.

Tsiku loipa linali lomwe mwini esiteti anabwera kudzaona mabelo asanapite ku okushoni. Sabata imeneyo ndinkaona ngati kuli chifunga, koma ndinkalimbikira poopa kuchotsedwa. Mwini esitetiyo anang'amba chiguduli cha belo limodzi n'kupezamo fodya wamawanga atasakanikirana ndi wa giredi yapamwamba. Podziwa kuti fodyayo ndinasankha ndine, bambo Chimphepo anatenga kamtolo kamodzi n'kubwera nako molunjika pa benchi panga.

"Ichi n'chiyani?" Anakakutumula kumaso kwanga kwenikweni. "Ndiye mukulira! Mwakumbukira mwamuna wanu uja eti?"

Fumbi lonse linandithera m'maso. Ndinalephera kuwatsegula, koma kuseka kwa anthu ndinkakumva. Ndinaimirira ndili chitsinzinire, benchi n'kugwa kumbuyo kwanga.

"Ndakhala ndikukuuzani kuti maso akundipweteka, inu n'kumati ulesi. Lero mwandithiramo fumbi dala. Khalani pamenepa musankhe nokha fodya wanuyo!"

Kuseka kunatha. Azakhali anabwera akuthamanga kuchokera kukhitchini n'kunditulutsa atandigwira dzanja ngati wakhungu. Tili pakhomo ndinamva a kapitawo akukuwa kuti ndisadzapondenso pamenepo.

M'mawa mwake mlamu wanga ananditenga pa njinga kupita ku chipatala china chomwe chinali ndi mbali yoona za maso. Dokotala wake, mayi wachikulire, anandidonthetsera mankhwala achikasu n'kundiyang'ana pa makina ounikira.

"Maso anu ndi ouma, ndipo lakumanjali lakalikakalika pamwamba."

"Ouma bwanji, misozi ili chuchuchu chonchi?"

Anandifotokozera kuti misozi yonyowetsa diso imakhala ndi timafuta, ndipo fumbi ndi kuyang'anitsitsa osaphethira zimaiwononga. Diso likauma limatulutsa madzi wamba omwe sakhalitsa. Mutuwo anati ndi chifukwa chokakamiza maso tsiku lonse. Anandipatsa mankhwala a chilondacho ndi ena odonthetsera onyowetsa maso, n'kundiuza kuti ndiziika kansalu koyera kofunda pa zikope m'mawa ndi madzulo, ndisiye kutikita, ndipo zamasamba ndisadzayerekezenso. Pomaliza anandifunsa kuti, "Nanga mwachedweranji kubwera?"

Funso limenelo linandipsetsa mtima kuposa chipongwe cha a kapitawo. Ndinachedwa ine? Ndinauza aliyense amene anali ndi makutu. Wina anati ulesi, wina ufiti, wina panado.

Patapita masabata angapo mutu unaleka, mchenga uja unachepa. Diso lakumanja mpaka lero limadana ndi mphepo ya mu Julaye, ndipo kabotolo ka mankhwala sikachoka m'chikwama mwanga.

Masiku ano ndimalima fodya wanga ku Kabudula, ndipo nyengo yosankha ndimalemba amayi aganyu. Shedi yanga ndimaisesa nditawaza madzi, mawindo timatsegula, ndipo aliyense amatuluka kukasamba m'manja ndi kupumitsa maso. Bambo Chimphepo sindinawakhululukire, ndipo sindinamizira kuti ndinatero. Koma wantchito akandiuza kuti diso likumupweteka, sindiyang'ana m'disomo kuti ndione ngati akunena zoona. Mwini diso ndi iyeyo. Ndimangomufunsa kuti njinga yopitira kuchipatala ali nayo, kapena ndim'bwereke yanga.