Ife Timadzala Kamodzi

Lachiwiri masana kunagwa mvula kuno ku Mandeya. Sinali yambiri, koma dothi linanunkhira, ndipo ana a m'kalasi mwanga anathamangira pawindo osandipempha.

Nditafika kunyumba ndinapeza apongozi anga atakhala pakhomo, chitini cha mbewu ya chimanga chili pamiyendo. Chitinicho anatseka ndi mkazi wanga Esinati mu Meyi, atasakaniza mbewuyo ndi phulusa kuti anankafumbwe asaiboole. Iyeyo tinamuika m'manda mu Ogasiti. Mbewu ina tilibe.

"Mukwasha," anatero apongoziwo, poti mkamwini amatchedwa choncho m'Chishona cha kuno, "inu munapita kukoleji. Mvula iyi ndi yodzalira kapena ndi yonama?"

Ndinati sindikudziwa.

"Nanga munkaphunzira chiyani kumeneko? Mwana wanga sanafike fomu folo, koma ankangoponda pansi n'kunena kuti dikirani."

Ndimaphunzitsa ana za mitambo ndi mphepo, koma tsiku lodzala ankasankha ndi Esinati.

Tili chikhalire choncho, anadutsa a Nyakunu, oyandikana nafe, atasenza thumba la mbewu ya kusitolo limene mwana wawo anatumiza kuchokera ku Joni.

"Ticha, mukudikira kalata? Dzalani! Ikapsa mudzalanso."

"Tidzalanso chiyani, Baba?" anafunsa apongozi. "Miyala?"

A Nyakunu anaseka n'kumapita. Si munthu woipa. Ananena zoona za kunyumba kwawo.

Owerenga anzanga, anthu amakonda kunena kuti chilala sichisankha. Inu mumakhulupirira zimenezo?

Akuluakulu akuti kale mvula ikayamba inkapitiriza. Masiku ano imabwera, kukunyengerera kuti utulutse mbewu, kenako n'kusowa milungu itatu. Kudzala kwasanduka juga. Amene ali ndi mwana kunja amaponya katatu. Amene anakoka mapaipi kuchokera kuphiri, nthochi zake zili biriwiri ngakhale dzuwa liswe mtengo, ndipo ogula akubwera okha chifukwa kwina kulibe. Chaka cha chilala ndicho chaka chake chokhomera malata.

Nanga ife amene makolo athu anachokera ku Mozambiki ndi ku Malawi kudzathyola tiyi? Kamunda kathu ndi kobwereka, kumtunda kumene madzi safika. Apongozi anga, amene amathyola tiyi, amalandira malinga ndi kulemera kwa dengu, ndipo kukauma tiyi saphuka nsonga. Amayenda mizere yonse, dengu n'kubwera lopepuka. Dzuwa limodzi lomwelo likuwotcha munda ndi malipiro. Za malipiro a mphunzitsi sindinena, mukuwadziwa, ndipo mashelefu a m'sitolo mwawaona.

Amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma ukadekha kwambiri mvula yeniyeni imakupitirira, ndipo ukafulumira umataya zonse. Wopanda nkhokwe adekhe masiku angati?

Lachitatu m'mawa apongozi anakhuthulira mbewuyo m'lichero n'kuigawa pakati ndi dzanja.

"Iyi tidzale," anatero.

"Nanga iyo, amayi?"

"Iyo ndi ya Rudo."

Rudo ndi mwana wanga, ali ndi zaka zinayi. Poyamba ndinkaganiza kuti akunena zodzalanso. Kenako ndinamva. Ankanena kuti zinthu zikafika poipa, tidzatsuka phulusalo n'kusinja mbewuyo kuti mwana amwe phala. Ananena mosakweza mawu, ngati akunena za sopo.

Tinadzala theka.

Lero ndi Loweruka. Kumwamba kuli mbee kuyambira Lachitatu. M'mawa uno ndinapita kumunda n'kufukula phando limodzi ndi chala. Njere yatulutsa kale kamuzu koyera. Pansi pake ndinapeza fumbi louma lokhalokha. Ndinakwirira bwinobwino, ndipo apongozi sindinawauze.

Inu amene mumatilangiza pa wailesi kuti tidzale ndi mvula yoyamba, tamvera. Iyi ikapsa, tiuzeninso: theka latsalalo tilikwirire m'nthaka, kapena Rudo adye?