Kamera Yopinda ndi Kazako ya Bambo

Zaka zimene malasha a ku Moatize anatipengetsa tonse mu Tete muno, ine ndinali ndi ntchito ya kumgodi, njinga yamoto, ndi matama osasimbika. Ndinkakhala m'kachipinda ka malata kudera la Mateus Sansão Muthemba. Bambo anga ankatsika kuchokera ku Tsangano pa lole ya mbatatesi, kamodzi pa miyezi ingapo, kugulitsa pamsika n'kubwerera. Analibe chithunzi, kupatula kachithunzi ka pa khadi yovotera kamene thukuta linafufuta mpaka kutsala makutu okha. Foni yanga inali yongoyankhulira. Ndiye ndinati ndigule kamera, ndiwajambule ndekha.

Kudera la Francisco Manyanga kunali madala ena amene kale ankajambula anthu, koma maso anali atayamba kuwavuta ndipo ankagulitsa zida zawo. Anandiyalira makamera awiri patebulo. Ina inali yaing'ono, yamakono, yongodina, ndipo anandilangiza imeneyo. Inayo inali yakalekale, yopinda ngati buku. Ukaitsegula inkatulutsa mphuno yamakwinya, ndipo chithunzi chinkatuluka pompo, papepala. Ukasuzumira pakagalasi, munthu mmodzi ankaoneka awiri. Umayendetsa kachitsulo mpaka awiriwo akhale mmodzi, ndiye n'kudina. Mtima wanga unagwera pa yopindayo, ndipo ndinaigula. Ndisaname, sindinaganize za Bambo. M'maganizo ndinkaona anthu pamsika atandiunjirira kukamwa kuli yasa.

Madalawo anandichenjeza kuti mapepala ake atsala khumi okha, ndi okhalitsa, ndipo mu Tete sapezeka. "Dzuwa la kuno silisewera, mwananga," anatero. "Muwasunge mu jeleira pozizira, apo ayi mujambuliretu sabata ino." Jeleira, kapena kuti filiji, ndinalibe. Mayi woyandikana nane anali nayo, ankagulitsa madzi ozizira, koma ine wa kumgodi ndikapemphe malo m'jeleira ya munthu? Ndinaponya kamerayo m'sutikesi, pansi pa malata.

Mapepala atatu ndinayesera. Ndinajambula njinga yanga, mlatho, kenako ndinapatsa mnzanga kuti andijambule nditavala chipewa cha kumgodi. Zonse zinatuluka bwinobwino.

Sabata yomweyo Bambo anafika. Ndinawapeza pamsika atakhala pamatumba, fumbi lili mbuu m'miyendo, malaya atang'ambika paphewa. Nditawaonetsa kamera anaseka, napukuta manja pabuluku. "Ndijambule pompano, mwanawe, ndi mbatatesi zangazi. Amayi ako akaone mmene ndimakhalira kuno."

Ndinasuzumira. Bambo anali awiri, ndinayendetsa kachitsulo, nakhala mmodzi. Ndinaona zonse bwino lomwe: makwinya a pamphumi, dzino losowa lija, kumwetulira kwawo. Chala chinali pabatani. Kenako diso linagwera paphewa long'ambika, ndipo ndinaganiza za anzanga a kuntchito akuona chithunzicho pakhoma langa. Manyazi anandigwira, manyazi auchitsiru. Ndinatsitsa kamera n'kuipinda. Ndinawauza kuti ulendo wina ndidzakhala nditawagulira kazako, jekete yakuda yamabatani, tidzapite ku bwalo la ndege ku Chingodzi ndikawajambule ngati bwana pafupi ndi ndege. Sanatsutse. Anangoti chabwino, n'kutembenukira kwa mayi amene ankafuna mbatatesi.

Anabweranso patapita miyezi inayi, chilimwe chili pachimake, nthawi imene ngakhale mbuzi za ku Tete zimathawira pansi pa malole. Kazako ndinagula, yowakulira pang'ono. Anaivala padzuwa limenelo osadandaula, naima chilili pafupi ndi mpanda wa bwalo la ndege, thukuta lili chuu. Ndinadina, ndinasolola pepala, ndinadikira, ndinamatula. Panalibe munthu, koma zofiirira zokhazokha ngati matope. Lachiwiri chimodzimodzi. Mankhwala a m'mapepala anali atauma ndi kutentha kwa m'sutikesi muja. Ndinapitiriza mpaka lachisanu ndi chiwiri, ndipo ulendo uliwonse Bambo ankawongola khosi n'kugwira mpweya.

Ndinalusa. Ndinatukwana kamera, dzuwa, ndi madala osalakwa aja. Bambo anavula kazako, naipinda bwinobwino, nandiuza kuti ndisapse mtima, tidzajambula ulendo wina. Za tsiku la pamsika lija sanatchule, ndipo zimenezo zimandiwawa mpaka lero.

Mvula itayamba anadwala chifuwa, ndipo lole ija sanakwerenso. Tinawaika m'manda atavala kazako yomweyo.

Maliro atatha, Amayi anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. Anati Bambo ankauza mudzi wonse kuti mwana wawo ali ndi makina otulutsa chithunzi pompo, ndipo anawajambula kasanu ndi kawiri.

"Undipatseko chimodzi chokha," anatero. "Ngakhale chosaoneka bwino."

M'chikwama mwanga munali zithunzi zitatu: cha njinga, cha mlatho, ndi changa.