Batani la Nyazimba

Ndinaganiza zopita ku Lusaka chaka chimene fodya wathu anangobweza ndalama ya feteleza. Mkazi wanga, Nyazimba, sanakane. Anati atsala ndi mwana wathu Temwa m'kanyumba kathu ka kuboma, ndipo munda wake wa mtedza ku Mphamba aziusamala yekha monga kale. Munda umenewo anamusiyira mayi ake, ndipo ndi umene unkatidyetsa fodya akatinamiza.

Ntchito imene ndinapeza inali yaulonda pageti la kampani ina ya makompyuta. Maola khumi ndi awiri m'kachipinda kamalata, koti ukatambasula mwendo wagunda chitseko. Anyamata ovala mabaji ankafika, ine n'kuwatsegulira, iwo n'kukalowa m'chipinda chozizira momwe munali maseva, makompyuta osungira zinthu za anthu ambiri, amene saloledwa kuzima. Ndinkawasirira mpaka mtima kuwawa.

Mmodzi wa iwo, a Mwale, anandiuza kuti ntchitoyo anaiphunzirira kunyumba pa kompyuta yakale, kuiwononga n'kuikonza mpaka kuizolowera. Tsiku lina anandipatsa ina imene inkakatayidwa.

"Uisandutse seva," anatero. "Ukaziba kuisunga yamoyo miyezi ingapo, ubwele tikuyese. Mwina ungachoke pageti apa."

Ku Lusaka ndinalibe poiika. Tinkagona anayi m'chipinda chimodzi, soketi imodzi, ndipo chinthu ukachisiya m'mawa sunkadziwa ngati uchipeza madzulo. Choncho nditapita kutchuthi mu Ogasiti ndinainyamula pabasi, ndili chiifungatire ngati khanda. Ndinaiika pakona m'chipinda chochezera, n'kuilumikiza ku kabokosi ka intaneti kokhala ndi simukadi. Kuyambira pamenepo ndinkailowa pafoni ndili m'kachipinda kanga kapageti. Ndinaphunzira kutsegulira munthu malo ake, kutsekera akuba kunja, kusunga mafayilo pawiri kuti asatayike. Makina ali kwathu, mtunda wa tsiku lathunthu pabasi, ankandimvera. Panalibe china chimene chinkandimvera mu Lusaka monse.

Vuto linali magetsi. Akazima seva inkazima, ndipo akabwera inkadikira munthu kuti adine batani. Munthuyo anali Nyazimba. Magetsiwo analibe nthawi yodziwika, ena amabwera m'mawa, ena masana, ena kungophethira n'kupitanso.

Lero ndikatsegula mauthenga athu a miyezi imeneyo ndimachita manyazi. "Malaiti yabwela?" "Yabwela." "Dinani." Kutsika pansi, zomwezo. Kutsikanso, zomwezo. Pakati pake pali uthenga wa kumapeto kwa mwezi woti ndatumiza ndalama, ndi "yewo" wake wothokoza. Ine ndinkadziona ngati mwamuna wosamala banja kwambiri.

Mu Novembala anandiimbira, akundiitana ndi dzina la mwana wathu monga mwa nthawi zonse. "Awisi Temwa, mvula yagwa ku Mphamba. Anzanga onse ayamba kubyala."

"Mupite sabata yamawa," ndinatero. "Sabata ino nili pakati pa phunzilo, seva isazime."

Sabata yamawayo ndinalinso pakati pa phunziro lina. Atafunsa kachitatu ndinakwiya, ndinamuuza kuti mtedza sungatichotse mu umphawi, koma makina amenewa. Sanafunsenso, ndipo ine ndinayesa kuti anapita tsiku lina osandiuza. Sindinadzifunse kuti nanga batani ankadina ndani.

Ndinabwera kwathu mu Januwale, kutatsala milungu iwiri kuti a Mwale andiyese. Kuchokera ku Chipata minda yonse inali yobiriwira, mtedza utatseka kale mizere. Nditalowa m'nyumba ndinathamangira kukaona seva ndisanavule n'komwe nsapato. Inali yoyera, yopanda ndi fumbi lomwe. Pambali pake panali mpando wa Nyazimba, khushoni yake itaphwa pakati. Kuseri kwa chitseko kunali thumba la mbewu ya mtedza, likadali lomanga, losamasulidwa n'komwe.

"Simunabyale?"

"Ningabyale bwanji? Kupita ku Mphamba na kubwela ni siku lonse. Malaiti yakabwela nili kumunda, imwe muyimba."

Ananena mosakweza mawu, akundithirira madzi osamba m'manja. Miyezi yonseyo ku msika ankapita chothamanga. Ku maliro a azakhali ake anangokagwada n'kubwerako.

Choipa kwambiri n'chakuti ndinkadziwa. Mu Ogasiti muja, pokonza makinawo, ndinaona malo ena pamene umasankha ngati kompyuta iziyaka yokha magetsi akabwera. Ndinawerenga, ndinamvetsa, ndinadumpha. Mumtima ndinati ndi zosafunika, kunyumba kuli munthu.

Madzulo omwewo ndinabwereka sikirini kwa aneba, n'kulumikiza, n'kusintha mawu amodzi. Sizinatenge ngakhale nthawi yoti tiyi azizire. Ndinazula waya pakhoma, n'kubwezera. Kanyali kobiriwira kanayaka kokha, fani n'kuyamba kulira.

Nyazimba anali ataima pakhomo, Temwa ali kumsana. Anayang'ana kanyaliko nthawi yaitali.

"Ici mwacita, cinalipo kale?"

Ndinafuna kunama kuti ndachiphunzira dzulo. "Cinalipo."

"Kucokela mu Ogasiti?"

"Inde."

Anagwedeza mutu. Anakoka mpando wake uja n'kukauika panja pakhonde, kenaka anabwera kudzatenga thumba la mbewu. Analimasula, n'kutapa mtedza wodzaza dzanja, n'kuuyang'ana. Nthawi yobzala inali itapita kalekale.

Ndinayamba kumufotokozera za kachipinda kanga kapageti, kutentha kwake, mmene munthu umakhalira tsiku lonse kudikira kuti wina afike umutsegulire. Ndinkafuna amvetse chimene ndinkathawa.

"Nikuziba, Awisi Temwa," anatero, akuthira mtedzawo m'chiwaya kuti akazingire mwana. "Koma imwe pageti amakulipilani."