Dzina la Kunsi kwa Nkhafi

Kuno ku Chia a Tahiru Fakiri alipo awiri, ndipo si pachibale ayi. Ena ndi a Haji aja a maboti asanu ndi nyumba ya mpanda. Enawo ndi aneba angawa, osema nkhafi, amenenso amalemba maina pa katundu wa anthu: bwato, beseni, njinga, chilichonse.

Aneba angawa ali ndi kachitidwe kawo. Dzina la mwini nkhafi amalemba ndi penti, poti asodzi amakonda zowala. Koma lawo amaligoba ndi tchizulo, tizilembo ting'onoting'ono kunsi kwa chogwirira. Ati bambo awo ankanena kuti ntchito yopanda dzina la mmisiri ndi mwana wamasiye.

Tsono penti ndi mchenga n'zosamvana. Miyezi itatu, dzina la mwini lafufutika, latsala la mmisiri. Mwera ukawomba, nkhafi n'kutayika panyanja, woitola pagombe amawerenga "Tahiru Fakiri", basi ulendo kwa a Haji. Ndani angasunge katundu wa a Haji?

Tsiku lina ndikuyanika mpunga, ndinangoona a Haji atulukira kwa anebawo, ngolo pambuyo, nkhafi tho. Ine khutu kumpanda.

"Mnzanga wa dzina, salaam aleikum. Nkhafi makumi awiri ndi zitatu izi. Kwathu kwasanduka sitolo! Dzulo msodzi uja Eston wadzanditukwana pageti, ati ndine wakuba. Musiye kulemba dzina langa."

"Waaleikum salaam, a Haji. Lanu? Ndinayamba kubadwa ndine, ndi zaka zinayi."

A Saida, akazi a aneba angawa, ali kukhitchini: "Bambo, muzingolemba T basi, tikhale pamtendere!"

A Tahiru osema nkhafi nkhope yagwa. Bambo awo sanawasiyire munda kapena bwato, koma dzinalo ndi tchizuloyo basi. Anatola nkhafi imodzi n'kuisisita.

"Iyi ndi ya Eston yemweyo. Ndi wamanzere, taonani kumene yadyeka. Iyi ya Zangaphee, wamfupi uja, ndinachita kuidula. Iyi ya Tedson, amakankhira pamiyala ngati mtengo wamba, waulesi."

Mpaka zonse, osaphonya ndi imodzi yomwe. Mbiri inamveka kugombe, eni nkhafi n'kumabwera kudzatenga zawo, ndipo pofika swala, pemphero la masana, m'ngolo munali mbee, Eston atapepesa kawiri.

A Haji anavula kofia, kukanda mutu. "Basi, dzinalo likhale lanu. Otola nkhafi azibwera nazo kuno. Mawa mudzalembe maboti anga onse kuti Haji wa Maboti."

Anakalembadi, zilembo zikuluzikulu zofiira. Koma a Saida anandinong'oneza kumjigo kuti kunsi kwa thabwa lokhalapo, boti lililonse lili ndi tizilembo tija. Ati a Haji atatiwona anangoseka: "Likadzasochera lidzafikira kwanu. Mudzandibwezere, mnzanga."