Ndinati Ndi Malungo

Malume atasiya kachasu mwadzidzidzi, manja awo ankanjenjemera mpaka tiyi kutayikira pamalaya. Kenako anayamba kuloza khoma: "Iwe Tadala, chotsa mphemvuzo." Pakhomapo panalibe kanthu, koma ine wopusane ndinatenga tsache n'kusesa.

Anamwino oyandikana nafe kuno ku Bangwe atandifunsa za malume, ndinati ndi malungo chabe. Ndinkaopa kuti anzanga akusukulu amva.

Madzulo ake malume anagwa n'kuyamba kuphupha. Anapulumuka, koma kuchipatala adokotala anatikalipira.

"Wosiya mowa akamanjenjemera kapena kuona zinthu zomwe palibe, muzibwera naye msanga, zimapha. Palibe anaonapo zachilendo?"

"Palibe, adokotala," anayankha amayi mosadziwa.

Ndimadzikwiyirabe, chifukwa ngakhale pamenepo ndinangoyang'ana nsapato zanga.